Wodwala akukana MRI, wina akukana chikepe: timawathandiza bwanji?

Tadala (wophunzira unamwino): Moni akuluakulu. Funso langa ndi la anthu amene amagwidwa mantha aakulu pamalo otsekeka: m'chikepe, m'makina a MRI (ojambula m'kati mwa thupi), pa mpando wakumbuyo wa minibasi, ngakhale m'chimbudzi chokhala ndi loko. Amati akubanika, mtima uli thithithi, thukuta kamukamu. M'kalasi timauzidwa kuti ndi claustrophobia, koma pa wodi chimene timamva n'chakuti "limbani mtima mayi". M'thupimo mumachitika chiyani, ndipo timayambira pati?

Sisita Nabanda: Mwanangu Tadala, mawu akuti "limbani mtima" uwasiye, munthuyo si wofooka mtima. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, ntchito yake ndi kuchenjeza thupi pakakhala ngozi. Mwa anthu awa kamachenjeza msanga, chitseko chikangotsekeka basi. Thupi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, minofu imakungika, kukamwa kumauma, munthu n'kuyamba kupuma mofulumira ndi pachifuwa pokha. Pamene pamaonongeka zinthu ndi pa kupumako. Akapuma mothamanga amataya carbon dioxide (mpweya umene timatulutsa popuma) wambiri kuposa amene thupi likupanga, mitsempha yopita ku ubongo imafinyika pang'ono, ndiye kumabwera chizungulire, dzanzi m'zala ndi mozungulira milomo, mwinanso zala kupindika n'kuuma gwa. Iye amaona ngati mpweya watha, amaonjezera kupuma, zinthu n'kumaipiraipira. Ukamuveka kachipangizo koyezera okosijeni pachala upeza 98 kapena 99. Umuonetse nambalayo aione yekha. Mantha otere amafika pachimake pa mphindi pafupifupi 10, kenako amatsika okha, chifukwa thupi silingathe kukhala pamwamba choncho nthawi yaitali.

Dokotala Gondwe: Sisita anena bwino, koma musanalitche vuto la mantha, yambani mwachotsa matenda ena. Mverani m'chifuwa ngati muli kaphokoso ka mphumu. Onani m'zikope ndi m'manja, yezani Hb (muyezo wa kuchuluka kwa magazi), chifukwa kuchepa magazi kumathamangitsa mtima ndi kupereka befu. Shuga wotsika, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, ndi mtima wodumphadumpha zonse zimafanana ndi mantha. Zizindikiro izi zikaoneka musachedwe: kupweteka pachifuwa kofika kudzanja lamanzere kapena kunsagwada, befu lobwera pokwera chitunda kapena pogona chagada, mapazi otupa, milomo yoderapo, okosijeni wotsika pansi pa 94, kapena vuto loyamba kumene mwa munthu wopitirira zaka 40. Mantha a malo otsekeka amakhala ndi malo ake, ndipo munthu akatuluka panja amapeza bwino m'mphindi zochepa.

Tadala: Ambiri amati akomoka. Zimachitikadi?

Dokotala Gondwe: Kawirikawiri ayi. Munthu amakomoka BP ikatsika, pamene mantha awa amaikweza. Amene amakomokadi ndi oopa magazi ndi jakisoni, limenelo ndi vuto lina.

Mayi Nachisale (phungu): Ndionjezepo funso limodzi limene limasintha thandizo lonse: "Mukanakhalabe mmenemo, mukuganiza kuti chikanachitika n'chiyani?" Katswiri wina wa zamaganizo, Stanley Rachman, anaonetsa kuti vutoli lili ndi mantha awiri osiyana. Ena amaopa kubanika, kuti mpweya utha. Ena amaopa kupanikizika, kuti sangathe kutuluka kapena kugwedeza thupi akafuna. Woyambayo amavutika ndi bulangete kumutu, masiki, chipinda chotentha chopanda zenera. Wachiwiriyo akhoza kukhala m'holo yaikulu bwinobwino, koma akamva kuti chitseko chakhomedwa, kapena akakhala pakati pa mzere m'tchalitchi, zayamba. Ambiri ali ndi zonse ziwiri koma imodzi imaposa, ndipo poyeserera timalunjika pa imeneyo.

Chimene chimakulitsa vutoli ndi kuthawa. Munthu akatuluka mantha ali pachimake amapeza mpumulo nthawi yomweyo, ndipo ubongo umasunga zoti wapulumuka chifukwa chotuluka. Sufika podziwa kuti akanakhala mphindi zina 10 mantha akanatsika okha. Ulendo wotsatira amayamba kuopa asanafike n'komwe pachitseko. Chaka chikamatha wasiya chikepe, wasiya basi ya ulendo wautali, wakana sikani imene adokotala analamula.

A Mbewe (amakaniko a zikepe): Ndithandizepo pa za chikepe, chifukwa anthu amaopa zinthu zoti sizingachitike n'kumachita zimene zimaphadi. Ambiri amaopa kuti chikepe chikaima mpweya utha. Chikepe cha anthu 8, chonyamula makilogalamu 630, mkati mwake ndi pafupifupi mita 1.1 m'lifupi, 1.4 m'litali, ndi 2.2 kupita m'mwamba. Amenewo ndi malita a mpweya oposa 3,000, ndipo mwa amenewo okosijeni ndi 21 pa 100 alionse, kutanthauza malita pafupifupi 700. Munthu wongokhala amagwiritsa ntchito malita pafupifupi 15 pa ola. Komanso chikepe si botolo: chili ndi timabowo ta mpweya m'munsi ndi m'mwamba, ndipo zitseko zili ndi mpata. Chimene anthu amamva ngati mpweya watha ndi kutentha, chifukwa magetsi akathima fani imazima. Vulani jekete, khalani pansi.

Za kugwa: buleki ya chikepe imagwira ndi masipuling'i, magetsi ndi amene amaitsegula. Choncho magetsi akathima buleki imaluma, n'chifukwa chake chimaima mwadzidzidzi. Zingwe zachitsulo ndi zingapo, ndipo palinso chipangizo choona liwiro chimene chimakanikiza chikepe ku njanji zake chikathamanga mopitirira. Buleki yoteteza chikepe kuti chisagwe Elisha Otis anaionetsa ku New York mu 1854, si zachilendo. Muli nyali ya batire, batani la belu, ndipo nambala ya amakaniko imamatidwa mkatimo. Pamene pali jenereta dikirani kamphindi, chiyambanso chokha. Chimene sindifuna kumva n'choti wina wakanula chitseko ndi manja kapena wakwera kuti atuluke chikepe chili pakati pa nsanjika ziwiri. Pansi pa chikepecho pamakhala mpata wogwera m'dzenje, ndipo magetsi akabwera chimanyamuka munthu ali pakhomo. Ngozi zambiri zoopsa zimachitika potuluka motero.

Tadala: Zikomo a Mbewe. Nanga zomupatsa wogwidwa mantha pepala la shuga kuti azipumiramo, Sisita?

Sisita Nabanda: Usayerekeze. Ngati walakwitsa ndipo munthuyo ali ndi mphumu kapena vuto la mtima, ukumuchepetsera okosijeni amene akumusowa. Chita izi: khala pambali pake, osati kutsogolo komutsekera njira. Anthu oonerera uwachotse. Dzanja lake limodzi pamimba. Akoke mpweya ndi mphuno masekondi 4, mimba ndiyo ifufume osati chifuwa, autulutse ndi pakamwa pang'onopang'ono masekondi 6. Zimakwana ka 6 pa mphindi imodzi. Werenga mokweza, upume naye limodzi. Cholakwika chofala ndi kumuuza kuti "pumani kwambiri", chifukwa amakoka mpweya wochuluka mofulumira ndipo chizungulire chimakula. Chofunika ndi kutulutsa mochedwa. Mphindi 3 mpaka 5 dzanzi limayamba kuchoka.

Mayi Nachisale: Apa ndisiyane nanu pang'ono, Sisita. Kupuma kumeneko n'kwabwino pa wodi, munthu ali pakati pa vuto. Koma tikamamuthandiza kuti achire, kukhoza kusanduka ndodo yoyendera imene safuna kuisiya ngakhale mwendo utapola. Amayamba kukhulupirira kuti sanafe chifukwa anapuma mwa njira ija. N'chimodzimodzi botolo la madzi m'manja, foni kukhutu, kutsinzina, kugwira dzanja la mnzake. Poyamba timazilola, koma pomaliza ayenera kukhala m'chikepe wopanda chilichonse, mtima ukugunda, n'kuona yekha kuti palibe chachitika.

Sisita Nabanda: Sindikutsutsa mayi. Koma wa ku chipatala cha kumudzi amene tikumuona kamodzi kokha, ndibwino apite ndi kanthu m'manja.

Mayi Nachisale: Pamenepo tagwirizana. Tsono njira yochizira yeniyeni ndi kumuzoloweza pang'onopang'ono. Anaiyambitsa ndi Joseph Wolpe, dokotala wa ku Johannesburg, m'zaka za m'ma 1950, ndipo sikelo ya mantha ya 0 mpaka 100 imene timagwiritsa ntchito ndi yake. Khalani ndi wodwala, alembe malo 8 kapena 10 amene amawaopa, alionse awapatse nambala. Mwachitsanzo kukhala m'chipinda chaching'ono chitseko chili pululu akhoza kupatsa 20, chitseko chotseka koma chosakhoma 35, atakhoma yekha kiyi ali m'manja 50, kiyi ali ndi mnzake panja 65, kulowa m'chikepe choima chitseko chotsegula 60, kukwera nsanjika imodzi ndi mnzake 75, yekha 85, chikepe chodzaza anthu kukafika nsanjika yapamwamba 95. Manambala ndi ake, inu musamuuze.

Yambani pa 30 kapena 40. Asanalowe alembe chimene akuyembekeza, momveka bwino: "ndibanika pasanathe mphindi 2". Alowe, anene nambala ya mantha pa mphindi 2 zilizonse, akhalebe mpaka itatsika ndi theka kapena nthawi imene ananena ija itapitirira kwambiri. Nthawi zambiri pamafunika mphindi 20 mpaka 45. Akatuluka muwerenge limodzi zimene analemba zija, mumufunse kuti zachitika kapena ayi. Abwereze sitepe yomweyo tsiku ndi tsiku, kapena ka 4 pa sabata, mpaka itayamba kumutopetsa, kenako akwere.

Zimene zimaononga ndi izi. Kulowa masekondi 30 n'kuthawa, kumeneko n'kuphunzitsa mantha. Kuyeserera kamodzi pa mwezi, ubongo umakhala utaiwala. Kulumpha kuchoka pa 35 kufika pa 85 chifukwa dzulo zinayenda bwino. Kuyeserera pamalo amodzi okha, chifukwa mantha amabwerera pa chikepe chachilendo, ndiye asinthesinthe nyumba, nthawi, ndi anthu. Choipitsitsa ndi wachibale amene amakhoma chitseko mwadzidzidzi kuti "azolowere". Ameneyo wabweza ntchito ya mwezi wathunthu, ndipo wodwala sadzamukhulupiriranso. Kwa woopa kubanika onjezani zoyeserera za thupi: kupuma kudzera m'kasitulo atatsina mphuno kwa mphindi imodzi, kuvala masiki, kufunda bulangete kumutu, kuti azolowere kumva befu popanda kuliona ngati imfa. Izi adokotala ayambe avomereza ngati pali mphumu, khunyu, mtima kapena pakati. Lars-Göran Öst wa ku Sweden anaonetsa kuti ndi phungu wodziwa, masitepe onsewa akhoza kuchitika tsiku limodzi m'maola osapitirira 3, koma munthu amayenera kupitiriza yekha kunyumba.

A Chirwa (a ku X-ray): Za MRI ndiyankhe ine. Chibowo cha makina akale ndi masentimita 60 m'mimba mwake, atsopano 70. N'chotsegula mbali zonse ziwiri, muli nyali ndi fani. Sikani imatenga mphindi 20 mpaka 45, koma imayenda m'zigawo za mphindi 2 mpaka 6, ndipo pakati pake timalankhula ndi wodwala pa sipika. Phokoso limapitirira ma decibel 100, n'chifukwa chake timapereka zotsekera m'makutu. M'manja timamupatsa kampira koti akafinya belu lilire kwa ife. Bedi silikhomedwa, likhoza kukokedwa ndi manja ngakhale magetsi atathima. Zonsezi wodwala aziuzidwa asanafike, osati atagona kale.

Mbali imene ikujambulidwa ndiyo imakhala pakati pa makina. Wa bondo kapena kakolo amalowa ndi miyendo, mutu umatsala panja kapena pakhomo. Wa mutu ndi khosi ndiye amavutika, chifukwa pamakhalanso chipangizo chovindikira kumaso, ngakhale zambiri zili ndi kagalasi koonetsa kumapazi ndi kunja. Anene za manthawo tsiku lopangana, kuti timupatse nthawi yaitali. Tsikulo asamwe khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu, ayambe wapita kuchimbudzi, atsinzine bedi lisanayambe kuyenda, kapena timuike kansalu kumaso. Wachibale akhoza kukhala naye n'kumugwira phazi, bola ayambe wafunsidwa za zitsulo m'thupi ndi m'matumba. Kunyumba ayeserere sabata imodzi kapena ziwiri: agone chagada pansi pa tebulo lalifupi mphindi 5, kenako 10, kenako 20, akumvera phokoso la MRI la pa YouTube, osagwedezeka. Kugwedezeka ndi kumene kumaononga zithunzi, chigawo n'kubwerezedwa, nthawi n'kutalika. Sikani ina ija ya CT asaiope chimodzimodzi, imeneyo ndi mkombero waufupi ndipo imatha m'mphindi zochepa.

Tadala: Koma a Chirwa, kansalu kumaso ndi kugwira phazi si zomwe Mayi Nachisale akuti tizisiye?

Mayi Nachisale: Wafunsa bwino. Pa MRI cholinga ndi chithunzi, chifukwa mwina tikufufuza chotupa. Gwiritsani ntchito chilichonse chothandiza. Zochiza mantha tidzachita tsiku lina.

Dokotala Gondwe: N'chimodzimodzi ndi mankhwala. Pa sikani yofunika dokotala akhoza kulemba diazepam, mankhwala okhazika mtima pansi, kawirikawiri 5 mg kwa wamkulu, mphindi 30 mpaka 60 isanayambe. Abwere ndi womuperekeza, asayendetse galimoto kapena njinga yamoto tsiku limenelo, asakhudze mowa. Kwa okalamba, a matenda a m'mapapo, ndi amayi oyembekezera pamafunika kusamala kwambiri. Koma si mankhwala a vutoli. Womwa tsiku ndi tsiku kwa masabata 2 mpaka 4 thupi limayamba kuwadalira, ndipo woyeserera atamwa amati piritsi ndilo lamupulumutsa. Propranolol amachepetsa kugunda kwa mtima koma ndi woopsa kwa wa mphumu. Fluoxetine timapereka ngati mantha akumugwira paliponse popanda chifukwa, kapena pali matenda a kukhumudwa, ndipo amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti aoneke ntchito. Funsaninso za mowa. Abambo ambiri sanena kuti amaopa basi, amangoyamba amwa asanakwere.

A Zimba (alangizi a zaumoyo): Kumudzi kulibe chikepe, koma vutoli timakumana nalo pa neti. Munthu amati "ndikagona m'masikito ndimabanika", neti n'kukathera kudimba. Zina ndi fungo ndi kuyabwa kwa mankhwala a neti yatsopano, ndiye aiyanike pamthunzi maola 24 asanagonemo. Neti ya ngodya zinayi yomangidwa m'mwamba, yokungika bwino, imasiya malo ambiri kumaso kuposa yozungulira imene imagwera pankhope. Ayambe masana: akhale mkati mbali imodzi itakwezedwa, akusenda nyemba kapena kumvera wailesi, mawa atsitse mbali zonse, kenako agonemo masana, kenako usiku. Mayi woyembekezera tisamusiye ndi mawu akuti "zili ndi inu", malungo sadikira.

Pa minibasi n'chimodzimodzi. Ayambe ndi mpando wa pafupi ndi chitseko pa ulendo waufupi, kenako wa pazenera mzere wachiwiri, wakumbuyo ukhale womaliza.

A Jere (okumba zitsime): Pepani akuluakulu, ndiikepo chenjezo, chifukwa wina angawerenge izi n'kuganiza kuti kuopa malo otsekeka konse n'kwabodza. M'chitsime chakuya, m'thanki ya zonyansa za kuchimbudzi, m'dzenje la mgodi, mpweya umathadi. Carbon dioxide ndi wolemera, amakhala pansi. Okosijeni akatsika pansi pa 19.5 pa 100 malowo salowedwa. Pampu ya petulo kapena jenereta ikalira m'chitsime kapena pakamwa pake imadzaza carbon monoxide, mpweya wapoizoni umene ulibe fungo. M'thanki ya zonyansa muli mpweya wonunkha ngati dzira lovunda, ndipo ukachuluka umapha mphuno, munthu n'kuganiza kuti watha. Kandulo yotsitsira pansi imangokuuzani za okosijeni, siiona poizoni, ndipo m'thanki ikhoza kuyatsa moto. Wolowa amangidwe chingwe m'thupi, pamwamba pakhale anthu osachepera awiri, mpweya uyambe wapemereredwa. Wina akagwa mkati osamutsatira chimanjamanja, maliro a m'chitsime amakhala awiri kapena atatu chifukwa cha opulumutsa. Ndi mbaula m'chipinda chotseka mu June ndi July, chimodzimodzi.

Dokotala Gondwe: Zoona a Jere, ndipo kusiyanitsa kwake n'kotheka. Mantha amabwera nthawi yomweyo, amagwira munthu mmodzi, ndipo amakhala maso kwambiri. Utsi wa makala umabwera mwakachetechete: mutu kupweteka, nseru, kufooka, tulo, ndipo umagwira onse m'chipindamo, ana poyamba. Pamenepo tsegulani zitseko, tulutsani onse, thamangirani kuchipatala. Malo oyeserera a Mayi Nachisale akhale opanda moto, opanda injini, ndipo galimoto yoima padzuwa isakhale pa mndandanda.

Sisita Nabanda: Pali gulu lina loti tisaliyambitse masitepewa tokha. Amene anakwiriridwa ndi matope kapena khoma, monga ku Chilobwe ndi madera ena nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, amene anatsekeredwa m'galimoto pangozi, m'chitokosi, kapena anachitidwa nkhanza m'chipinda chokhoma. Ngati akulota zomwezo, akudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, akuona ngati zikuchitikanso, chitseko chotseka chikungomukumbutsa bala lalikulu. Ameneyo apite kwa katswiri wa PTSD, matenda a maganizo obwera munthu akakumana ndi zoopsa. Pa chipatala cha boma funsani namwino kapena kiliniko ofesa wa matenda a maganizo. Kuli Zomba Mental Hospital, St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo a ku Zambia kuli Chainama ku Lusaka. Makolo nawo tiziwauza kuti kutsekera mwana m'chipinda chamdima ngati chilango kukhoza kubzala vutoli. Amene akuti walodzedwa musakangane naye, mufotokozereni za kupuma ndi dzanzi zija, muonetseni nambala ya pachala. Akafuna kupemphera apemphere, masitepe achitebe.

Tadala: Funso lomaliza mayi. Ali mkati, mantha afika 90, akukuwa kuti mutsegule. Nditsegule kapena ndimulimbikitse akhalebe?

Mayi Nachisale: Tsegula. Zimenezi mugwirizane musanayambe, kuti akanena mawu akuti "basi" chitseko chitseguka nthawi yomweyo, ndipo lonjezolo lisaphwanyidwe ngakhale kamodzi. Ukhoza kumufunsa kamodzi kokha kuti "mungathe masekondi ena 30?", akakana tsegula. Koma asapite kunyumba pamenepo. Akhale pakhomo pomwepo mpaka nambala itsike kufika 30 kapena 40, kenako abwerere pa sitepe ya m'munsi imene anaikwanitsa kale, akhalemo mpaka mantha atsike, ndiye muweruke. Mawa lake muikepo sitepe yapakati: ngati kukhoma chitseko kunamukulira, kiyi akhale pachitseko osapotokola, kapena akhome mphindi imodzi yokha wotchi ili m'manja mwake.